Banzi Lomaliza la Lorna

Arlo anatenga banzi lomaliza. Sanalidule pakati, sanafunse ngati pali wina akulifuna. Anangotambasula dzanja, n'kulinyamula lathunthu, n'kuliluma mkazi wake Marlys akuona.

Kumpoto kwa Minnesota munthu woleredwa sachita zimenezo. Chomaliza m'mbale umachidula pakati n'kusiya theka. Wobwera pambuyo pako amadulanso thekalo, mpaka patsale kanyenyeswa koti ndi mbewa yomwe ingakanyoze, ndipo kameneko kamabwerera kunyumba ndi mwini mbale. Arlo anasunga mwambowu moyo wake wonse, pamaliro ndi paukwati pomwe. Tsiku limenelo anauswa chifukwa cha mabanzi a Lorna Kivela.

Linali Loweruka loyamba la mwezi, tsiku limene gulu lawo linkadyera pamodzi m'chipinda chapansi pa tchalitchi. M'tauniyo ankawatcha a kuphanga, poti sankadya tirigu, chimanga, mpunga, shuga ngakhale mkaka. Ankati akudya monga ankadyera anthu akalekale asanaphunzire kulima. Ena analowa gululi kuti aphwetse mimba, ena potengera ana awo. Marlys anayamba kadyedweka chifukwa cha matumbo a Arlo. Zaka zingapo m'mbuyomo bamboyu anaonda mpaka lamba anasowa pobowola, ndipo dokotala ananena kuti tirigu, ngakhale kafumbi kake kokha, ndi poizoni kwa iye. Marlys anataya ufa wonse, sefa, zipande zamtengo, ndi chiwaya chimene anamusiyira mayi ake chomwe. Atamva kuti ena amapeza bwino akasiya mbewu zonse, naye anasiyitsa zonse. Anaphunzira kuphika buledi wa ufa wa mtedza wa amondi, wolemera ngati njerwa koma wosadwalitsa, ndipo Arlo anabwerera m'thupi. Gululi analiyambitsa ndi Marlys yemweyo. Watsopano aliyense ankayamba wafika kukhitchini kwake kudzafunsa kuti munthu wopanda buledi amadya chiyani m'mawa.

Buledi wake anali patebulo limodzi ndi mabanzi aja. Anthu anali atamudya mwaulemu, magawo atatu, mpeni n'kuugoneka pambali.

"Iwe Arlo, wadya lomaliza?" anatero Verna, mnzake wa Marlys wa kusukulu, amene sankaphonya kanthu. "Mayi ako akanakhala moyo akanakukoka khutu."

"Akanalawa, akanandilanda," anatero Arlo pakamwa pali podzaza.

Anthu anaseka. Lorna naye anaseka, atagwira pakamwa ngati kamtsikana, chonsecho tsitsi lonse linali imvi. Anali mayi wamasiye, wobwera kumene kuchokera ku Oregon, ndipo aka kanali koyamba kubweretsa chakudya. Marlys anamuyandikira atanyamula kapu ya khofi.

"Mwaikamo chiyani m'mabanzimu?"

"Ufa wa chinangwa, mazira, timafuta. Ndi madzi owira."

"Basi?"

"Basi. Koma madziwo akhale owira ndithu, kuti ufa ugwirane. Mudzabwere tsiku lina mudzaone."

"Chinangwa sichifufuma chotere."

"Kwa ine chimafufuma," anatero Lorna, akumwetulira ngati wapepesa.

Pobwerera kunyumba Arlo ankayendetsa galimoto akuimba kamluzi. Marlys anali atakhazika buledi wake pamiyendo, wokulunga bwinobwino, wolemera pafupifupi monga anapitira.

"Wadya angati?"

"Sindinawerenge."

"Ine ndawerenga."

"Nanga ukundifunsiranji?"

"Muli tirigu mmene muja, Arlo. Ndaphika ufa wa chinangwa mpaka manja kuchita mikwingwirima, ndikuudziwa. Sungatuluke wofewa choncho."

"Mwini wake wati mulibe."

"Mawa udzandiuza uli m'chimbudzi."

Lamlungu Marlys anadzuka akudikira. Ankadziwa mmene zimayambira: nkhope kutuwa, dzanja pamimba, kenako kuthamanga. Arlo anadya mazira atatu ndi mbatata, n'kutuluka kukachotsa chipale chofewa pakhomo ndi fosholo. Atalowa m'chimbudzi, Marlys anaima pakhonde atanyamula matawulo ngati akupita nawo kwina, khutu lili kuchitseko. Munthu anatuluka akuimba kamluzi komwe kaja. Lolemba anapita kunyanja kukawedza pabowo la madzi oundana, n'kubwera ndi nsomba ziwiri komanso njala. Ali mkati mopala nsombazo, Marlys anazindikira kuti wakhumudwa. Mwamuna wake anali bwinobwino, ndipo iye anakhumudwa. Anauyendetsa mpeni mwamphamvu, mamba n'kuwazikira pawindo.

Anayesa kuphika mabanzi aja yekha Arlo atachoka. Anawiritsa madzi mpaka ketulo kulira, n'kuthira mu ufa wa chinangwa. Mabanzi anatuluka mu uvuni kunja kuli gwa, mkati muli nyamunyamu ngati ulimbo. Ulendo wachiwiri anawonjezera ufa wa kokonati kuti aume, koma ufa umenewo umamwa madzi ngati chidakwa, ndipo zinatuluka zinali mchenga wowumba. Anakaziponya kuseri kwa nyumba. Akhwangwala anatera, n'kujompha kamodzi, n'kuuluka. Kwa Lorna kunali pafupi, kutsidya kwa mlatho basi, koma Marlys akanalolera kudya mchenga uja kusiyana n'kukaima m'khitchini ya mlendo akuphunzitsidwa kuwiritsa madzi.

Chipale chitagwanso, Arlo anabwera masana atanyamula mbale yovindikira. Anali atakankha chipale panjira ya kwa Lorna ndi galimoto yake, monga ankachitira kwa amasiye onse a m'dera lawo. Enawo ankamuthokoza ndi khofi. Uyu anamuthokoza ndi mabanzi asanu ndi limodzi, otentha.

Marlys anatembenuza mbaleyo. Pansi pake panali kapepala komata, kolembedwa dzina la mwini. Mbale ya munthu imabwezedwa, ndipo siibwezedwa yopanda kanthu. Iye adzaikamo buledi wake, Arlo adzakatula, Lorna adzaikamonso mabanzi. Anaiona mbaleyo ikuwoloka mlatho, kupita ndi kubwera, dzinja lonse mpaka madzi oundana asungunuke.

"Lawako limodzi," anatero Arlo.

"Ndakhuta."

"Sunadye kanthu."

"Ndati ndakhuta. Wakuuza kuti chipale chidzagwanso liti, mayi wakoyo?"

"Mayi wanga ndi ndani tsono?"

"Wa madzi owira."

Arlo anaseka, n'kupaka banzi mafuta a nkhumba, n'kutseka maso potafuna. Buledi wa Marlys sankamutsekera maso. Ankamudya ngati mankhwala, n'kunena zikomo.

Maganizo anamubwerera Marlys akutsuka mbale. Kaufa ka tirigu kongotsina ndi zala, kowaza pansi pa banzi, sikangaoneke. Arlo angadwale masiku awiri, mwina atatu. Sangafe. Akadzuka sangakhudzenso chilichonse chochokera kutsidya kwa mlatho, ndipo a kuphanga onse angadziwe kuti mlendo uja khitchini yake si yodalirika. Marlys sangafunike kunena kanthu. Angangopukusa mutu.

M'nyumbamo munalibe tirigu ngakhale wothira m'diso. M'sitolo ya m'tauni mwawo sakanayerekeza, chifukwa Marlys atanyamula ufa wa tirigu ikanakhala nkhani yofika kwa abusa dzuwa lisanalowe. Anayendetsa galimoto mpaka tauni ina, n'kugula kapaketi kakang'ono, n'kukabisa pansi pa sopo ndi mapepala a m'chimbudzi. Wogulitsa sanamuyang'ane n'komwe.

Atafika kwawo anazimitsa galimoto m'galaja n'kukhala momwemo, kapaketi kali pamiyendo. Kanali kofewa, kozizira. Anakumbukira nthiti za Arlo mmene zinkawerengekera, ndi tsiku limene anamupeza atakhala pansi m'bafa akulira mwakachetechete, bambo wonyamula mitengo, akupepesa chifukwa chodetsa zovala. Ndi iye anachapa zovalazo. Anadziwa kuti kapaketiko sangalowe nako m'khitchini. Koma sanakatayenso. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto, n'kukalowetsa pansi pa tayala lapadera. Mumtima anati mbale idzabweranso, ndipo adzaona tsiku limenelo.

Arlo ndi munthu woti wailesi ikangonena za mphepo yachisanu, amayendera matayala onse a pakhomo. Lachinayi m'mawa Marlys anamva madzi akutuluka nthawi yaitali pampopi wa m'galaja. Kenako bamboyo analowa atavula jekete, manja ali ofiira ndi kutsuka, n'kukhala pampando moyang'anana naye.

"Ndapeza kanthu m'galimoto mwako."

Marlys anaika kapu pansi.

"Usadandaule, sindinatsegule," anatero Arlo. "Ndakulunga m'pulasitiki, ndasamba." Anakanda chibwano, maso ali patebulo. "Zaka zonsezi, Marlys. Wodwala ndine, koma iwe wasiya nane zonse. Sindinakufunsepo ngakhale kamodzi ngati umaulakalaka buledi weniweni. Umafuna kukaphikira kuti? Kwa Verna?"

"Arlo…"

"Usachite manyazi. Ine ndimamulota. Ndimalota tositi, ndikudzuka pilo atanyowa."

Marlys anayang'ana nkhope ya mwamuna wake, yachifundo, yopusa, ndipo anaona kuti njira zilipo ziwiri zokha: kukhala mkazi wolakalaka buledi mobisa, kapena kunena chimene ufawo anagulira. Anangonyamulanso kapu yake.

"Ndiye ndaganiza," anapitiriza Arlo, tsopano akuwala ngati wathetsa mlandu. "Ndamuimbira Lorna. Mabanzi ake aja sasiyana ndi a tirigu. Wavomera kuti azikuphikira Lachisanu lililonse. Akhale akoako. Ine ndizimukankhira chipale, nyengo yotentha ndizimutchetchera udzu."

"Wamuuza chiyani?"

"Zoona zokhazokha."

Lachisanu Lorna anabwera yekha, mbale atakulunga m'thawulo kuti isazizire. Anavula nsapato pakhomo, n'kumugwira Marlys pamkono ngati wabwera kudzapepesa maliro.

"Arlo wandiuza. Musadzione ngati mwachimwa, tonse timagwa. Ine chaka changa choyamba ndinaima pakhomo la bekale kwathu ku Portland ndikungonunkhiza, mpaka mwini wake anatuluka kudzafunsa ngati ndasochera."

"Ine sindinagwe."

"Ndi zoona, simunatsegule. Mwalimba mtima." Lorna anatsitsa mawu. "Sindinauze munthu. Verna yekha, poti ndi mnzanu."

Kuuza Verna kunali ngati kulengeza pa guwa. Pofika Loweruka loyamba la mwezi wamawa, a kuphanga onse adzakhala akumuyang'ana Marlys ndi maso achisoni, mayi amene anawatayitsa sefa ndi zipande, wopezeka ndi tirigu pansi pa tayala. Ena adzayamba kukafunsa zophika kutsidya kwa mlatho. Anaziona zonsezo ali chiimire, ketulo ili m'manja.

Mlendo sabwezedwa pakhomo m'nyengo yozizira, choncho anakhala atatu patebulo ndi khofi. Mabanzi anali asanu. Lorna anatenga limodzi mokakamizidwa. Arlo anatambasula dzanja.

"Wati ndi a ndani mabanziwa?" anafunsa Marlys.

Dzanja linaima m'malere. "Ndi ako."

"Ndiye bweza dzanjalo."

Anatenga loyamba n'kuling'amba. Nthunzi inatuluka. Mkati munali moyera, mofewa, mokoka pang'ono, ndipo atatafuna anamva chimene sanamve chiyambire kutaya chiwaya cha mayi ake. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti linali lokoma kuposa mmene ankaopera. Anafuna kutseka maso, koma anawatong'ola dala. Anadya lachiwiri. Anadya lachitatu, Lorna akusimba za mtengo wa mazira, Arlo akutsatira banzi lililonse ndi maso kuchokera m'mbale mpaka pakamwa.

Linatsala limodzi. Arlo anatenga mpeni mwaulemu, monga anamulerera mayi ake, n'kuuloza pakati pa banzilo.

Marlys analinyamula lathunthu mpeni usanafike.

"Koma Marlys," anatero Arlo chapansipansi, "pali mlendo."

"Mlendo ali nawo kwawo." Analuma, akumuyang'ana m'maso. "Iwe buledi wako ali m'kabati. Dula magawo awiri, wakhala nthawi."

Arlo anadzuka n'kukatenga buledi wa amondi uja. Mpeni unalowa movutikira. Lorna anayang'ana mwamuna, n'kuyang'ana mkazi, n'kumwa khofi wake.

"Lachisanu likubwerali mudzaphike asanu ndi atatu," anatero Marlys, akutola nyenyeswa m'mbale ndi chala kuti pasatsale kanthu. "Ndipo mbale ndizibweza ndekha."