Alamu a Loya

Talandira wa ku Chia anafika pa boma la Nkhotakota chitenje chikununkha utsi wa nsomba. Banja lake ndi Gresham, mkamwini wochokera kumpoto, linali litatha kale m'mitima. Chotsala chinali kumvana za mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwawi, yemwe holide imeneyo anali ku Dwambazi kwa Lyness, mlongo wake wa Gresham. Lynessyo anakwatiwa anthu awiriwa atayambana kale, ndipo Talandira ku ukwatiko sanaitanidwe.

Wopeza loya anali Gresham. "Kukhoti nkudzichotsa ulemu," anatero. "Munthu mmodzi atilembere tonse, tisiyane bwinobwino."

Loyayo, a Steward, anali munthu wa mawu ozizira. Anamukokera mpando Talandira.

"Musaope, mayi. Ine ndilibe mbali. Munditenge ngati nkhoswe yanu nonse awiri."

Talandira anangoti zikomo. Chibadwire sanaonepo nkhoswe imodzi ikuimira uku ndi uku. Pa ukwati wake zinalipo ziwiri, amalume ake mbali ino, mkulu wake wa Gresham mbali inayo.

A Steward anawerenga zomwe analemba: Mwawi azikhala ndi bambo ake nthawi yonse ya sukulu, kwa mayi ake azibwera pa holide.

"Kwathu mwana ndi wa kuchikazi," anatero Talandira. "Awawa sanapereke malowolo. Anadzamanga pamudzi pathu."

"Lamulo siliona zimenezo, mayi, limaona ubwino wa mwana. Ku Chia madzi akasefukira, kusukulu apita bwanji? Pa bwato?"

Gresham anaseka. Talandira anayang'ana pansi. Mwina ophunzirawa akunena zoona, anaganiza, mwina ndikumuphera tsogolo mwana wanga. Anatambasula dzanja kuti alandire cholembera. Koma a Steward, maso ali pa pepala, anachipereka kwa Gresham.

"Yambani ndinu, alamu."

Talandira anabweza dzanja lake.

"Alamu?" anafunsa Talandira.

"Ndi kaitanidwe chabe, mayi, ife amuna..."

"Mkazi wanu ndani, a loya?"

A Steward anakonza tayi. Gresham anayang'ana kunja.

"Ndi Lyness eti? Ndiye kuti mwana wanga m'mawa uno wadya phala m'nyumba mwanu?"

"Mayi a Mwawi, osachita phokoso muofesi mwa anthu," anatero Gresham.

"Phokoso simunalimve, bambo a Mwawi."

Anadzuka, namanga chitenje molimba, natuluka pepala lili pomwepo. Panja dzuwa linali litakwera. Loya wakewake analibe, amalume ake anamwalira kalekale, ndipo sukulu zinali kutsegulidwa Lolemba. Kumbuyo kwake anamva a Steward akuimba foni motsitsa mawu.

Pamsewu kondakitala wa minibasi ya ku Chia anamuzindikira. "Tiyeni kwathu, mayi, malo alipo!"

Talandira anapukusa mutu, nawoloka msewu, nakaima mbali ya zopita ku Dwambazi kukatenga Mwawi, akuopa kuti mwina foni ija yafika kale kwa Lyness.