Mmene Pepino Anafikira Kwawo

Nkhani yogulitsa nyumba ya ku Mpopoma inayamba ngati nthabwala, koma pofika nyengo ya mphepo a Fanizani anali atayamba kufunsa za mabasi opita ku Ntcheu. Anabwera ku Bulawayo ali mnyamata, anakalambira ku njanji, ndipo tsopano maso atachita mdima ankafuna kukafera kwawo. Nyumbayo inali yawo ndithu. Koma ogonamo analinso Enelesi mpongozi wawo, khanda lake Thokozani, ndi mwamuna wake Moses, amene ankati akangomva mawu oti nyumba, amakumbukira kuti kombi yake, minibasi imene ankayendetsa, ikumudikira kudepoti ya ku Egodini.

Enelesi sakanatha kuwafunsa kuti nanga ife tikagona kuti. Mpongozi safunsa zotero. Chakudya ankawaikira atagwada n'kuchoka msanga, ndipo akakhala ndi mawu ankayankhulira kukhitchini ngati akuuza poto. Chimene chinkaloledwa chinali buku basi. Analibweretsa ndi a Christobel, mwana woyamba wa a Fanizani, amene amasoka zovala ku Nguboyenja: buku lachingerezi lonenepa ngati njerwa. Anati Enelesi aziwawerengera bambo masana, poti ena onse m'banjamo Chichewa chawo chinathera pa moni ndi zikomo. Enelesi sukulu anasiyira panjira, koma anakula ndi azakhali osalola Chindebele m'nyumba. Ndiye ankakhala pakhonde atapereka msana, mkuluyo ali pampando kuseri kwa chitseko, iye n'kumatembenuzira m'Chichewa.

Bukulo linali la banja la Ataliyana osamukira ku Amereka. Mkulu wa banjalo, Pepino, ankaphika buledi n'kumalira kwawo tsiku ndi tsiku. A Fanizani anamukonda nthawi yomweyo. Pepino akadandaula za mpesa wa kwawo, iwo ankamuyankha ndi kachewere wa ku Tsangano. Enelesi ankangoona kuti anthu a m'bukumo amadya kwambiri, amalira kwambiri, koma wotsuka mbale saoneka.

Tsiku lina ali pamzere wa pamjigo, mipopi itauma monga mwa masiku onse, mwana ali kumsana, anadumphira kumapeto kwa bukulo. Pepino anagulitsa nyumba ndi uvuni womwe, n'kukwera sitima yapamadzi. Mudzi wonse unamuchingamira ndi malipenga. Anamuphera nkhumba. Mkazi amene anamusiya ali namwali anali akumudikirabe pazenera. Nanga Rozina, mpongozi wake, amene anakanda ufa buku lonselo ana akumukoka diresi? Wolemba anangomuiwala. Enelesi anasuzumira mpaka kuchikuto kuti mwina wabisala kumeneko. Kunalibe. Anapsa mtima mpaka mayi wina anamudutsa pamzere iye osaona. Masana onse aja amene akanachapa matewera, kuthera buku loti munthu wogwira ntchito alibe ngakhale pogona! Choipitsitsa chinali chakuti malipengawo akangofika m'makutu mwa apongozi, nyumba yapita.

Mawa lake anakhala pakhonde, n'kutsegula bukulo mwaulemu.

Pepino wa Enelesi anafika kwawo mvula ili pakati. Sutikesi yake inasowa pasiteshoni. Pamene panali nyumba ya makolo ake panali chigayo, ndipo mwini chigayocho anamufunsa kuti mukufuna ndani, madala. Munda anali atagawana kalekale adzukulu oti sanamvepo dzina lake. Ana ankamutsata akuseka kayankhulidwe kake, n'kumamutcha Mwamereka. Mkazi wa pazenera uja anamuyesa wogula mbuzi. Enelesi ankatembenuza masamba apa ndi apo kuti amveke phokoso, ndipo nkhani itamukomera anathiramo nsikidzi ndi kutsegula m'mimba. Pomaliza anamubwezera Rozina m'bukumo, ali ndi ana ake pansi pa mlatho, mphepo ikuwomba.

Kuseri kwa chitseko mkuluyo anatsokomola.

"Amake Thoko," anatero ngati akuyankhula ndi chitsekocho, "nsikidzizo zili tsamba liti?"

"Chakumapeto, bambo."

"Christobel anandiuza Lamulungu kuti kumapetoko kuli malipenga ndi nkhumba."

Enelesi anayang'ana zala za kumapazi kwake. Anayankha chapansipansi kuti mwina alamu anawerenga mothamanga, pajatu amakhala ndi zosoka zambiri.

A Fanizani anaseka mpaka mpando unalira. Anati za malipengazo zinawakhumudwitsa kuyambira Lamulungu lomwelo. Anzawo a ku njanji anabwerera kwawo ambirimbiri, ndipo sanamvepo kuti wina anamuimbira lipenga. Mmodzi anabwerako asanathe n'komwe dzinja, atavala nsapato zobwereka. Wolemba bukulo, iwo anati, sanabwererepo kwina kulikonse. Komabe nsikidzi zinali zowonjeza, munthu wamkulu samuchita zotero. Ndipo mlathowo sanaukonde ngakhale pang'ono.

"Mdzukulu wanga sagona pansi pa mlatho," anatero. "Nyumba ikhale. Kumudziko ndikangoona pa Khirisimasi, ndi tikiti yobwerera m'thumba. Mumuuze Moses andipeze madzulo, asiye kubisala m'kombi."

Enelesi anaomba m'manja mwakachetechete, akadali chopereka msana. Patapita kanthawi anafunsa ngati bukulo alibweze ku Nguboyenja.

Mkuluyo anakana. Anati abwerere pamene Pepino akutsika sitima, ayambirenso bwinobwino, ndipo ulendo uno amupezere sutikesi yake.

"Nanga mbuzi, bambo?"

"Mbuziyo isiyeni. Imeneyo inakhala bwino."