Sitovu Yoyera ya Mayi Makwinja

Mimba itakwana miyezi isanu ndi iwiri, ndinawauza amuna anga, a Stanford Makwinja, kuti mwana akangotuluka m'chikuta ine ndikwera basi kubwerera kwathu ku Thyolo, ndipo ku Mzuzu sindidzapondakonso. Sikunali kuopseza ayi. Ine ndikanena chinthu ndimachita, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuyambira tsiku limene anandifunsira. Chinali chaka cha 1983, tikukhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Mchengautuwa, iwo akugwira ntchito ya ukalaliki ku maofesi a boma.

"Vuto ndi kuzizira," anatero a Stanford. "Nyumba ino ikafunda mudzasintha maganizo."

Amuna amakonda vuto loti akhoza kulikweza pa lole n'kulitsitsa pakhomo. Kuzizira kunalipodi, sindikana. Mvula yamawawa ya ku Mzuzu imatha sabata yathunthu, zovala osauma, mchere kumasungunuka m'botolo. Koma chimene chinkandidya mumtima n'chakuti zaka ziwiri zinatha popanda mayi ndi mmodzi yemwe woyandikana nafe kulowa m'nyumba mwanga n'kukhala pansi. Pampopi ankandipatsa moni wawo, "Monire mama," ine n'kuyankha m'Chichewa, zathera pomwepo. Nanenso ndinali ndi mbali yanga. Wayilesi inkayankhula chiyankhulo changa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye ndinkaona ngati oyenera kuvutika ndi lilime ndi iwowo, osati ine. Ngakhale kokonzekera magule a chipani, kumene mayi aliyense ankayenera kupezekako, ndinkavina kumapeto kwa mzere n'kubwerera ndekha. Ndinali wosungulumwa, ndipo ndinali wonyada, zonse ziwiri pamodzi.

Loweruka lina a Stanford anamva kuti mzungu wina wa ku munda wa khofi, kufupi ndi nkhalango ya Kaning'ina, akubwerera kwawo ndipo akugulitsa katundu yense, kuphatikizapo masitovu awiri a nkhuni. Ankafuna kupita okha. Ndinawafunsa ngati anayamba atsegulapo chitseko cha sitovu m'moyo wawo. Tinapita tonse.

Wotilandira anali khukhi wa mzunguyo, bambo wachikulire dzina lawo a Elson, amene anatilowetsa m'khitchini. Sitovu imodzi inali yakuda, chitsulo chokhachokha. Inayo inali yoyera mbee, yokutidwa ndi enamelo, utoto wolimba uja umene amauwotchera pachitsulo mpaka usanduke ngati galasi, womwe uja wa mbale zathu zoyera za mkombero wabuluu.

"Titenge yakudayi," anatero a Stanford, akuimenya ndi chikhatho. "Iyi ndiye yolimba. Yoyerayo ndi yongoonetsera alendo."

Ndinawaleka amalize. Bambo anga anaphikira azungu a m'minda ya tiyi zaka makumi awiri, ndipo ine ndinakulira kuseri kwa sitovu. Ndinagwada ndi mimba yanga yomweyo, n'kupisa dzanja kunsi kwa yakuda ija. Chala chinabwerako chofiira ndi dzimbiri, ndipo ndinawaonetsa.

"Kuno n'konyowa, bambo. Yakuda imafuna polishi sabata iliyonse. Mukangoiwala kawiri, dzimbiri lalowa, ndipo likalowa silituluka."

Ndinapempha supuni kwa a Elson n'kuyamba kugogoda yoyera ija m'mbali monse, makamaka m'makona ndi pafupi ndi chitseko cha moto. Pamene enamelo wayamba kukanganuka, chitsulo chimalira mogontha ngati mphika wong'aluka. Iyi inkalira bwino paliponse. Ndinatsegula uvuni n'kununkhiza, ndinagwedeza zitsulo zogonekapo nkhuni, kenako ndinayatsa kachidutswa ka nyuzipepala m'kati kuti ndione ngati utsi ukukwera ku chumuni kapena ukutulukira m'ming'alu. Unakwera wonse.

"Mama uyu akudziwa chomene," anatero a Elson, akuyang'ana amuna anga mowamvera chisoni pang'ono. Kenako anatembenukira kwa ine. "Yoyerayi ikhoza kukukalambitsani, mama. Koma imadana ndi zinthu ziwiri."

"Madzi ozizira ikatentha, ndi mchenga," ndinawatsirizira. "Imafuna sopo ndi kansalu basi."

A Elson anaseka mpaka kukhosomola. A Stanford sanatsutsenso, anangopita kukafuna lole.

Anthu asanu ndi mmodzi ndiwo anailowetsa m'khitchini mwathu. Mmisiri anaboola lata la denga n'kutulutsa chumuni, ndipo tsiku lachitatu ndinaphika masikono amene fungo lake linafika mpaka kumsewu. Nyumba inafundadi. Amayi ankadutsa pang'onopang'ono pakhomo la khitchini, maso ali m'kati, koma palibe analowa, ndipo inenso sindinaitane munthu. Amene ankayang'ana nthawi yaitali kuposa onse anali Bertha wa nyumba yoyandikana nafe, mayi wa ana asanu ndi mmodzi, amene aliyense ankamutchula kuti NyaLuhanga, monga amatchulira akazi kuno potengera mfunda wa bambo awo. Mapoto a NyaLuhanga anali otchuka mzere wonse. M'mawa uliwonse ankawakwecha ndi mchenga woyera wosakaniza ndi phulusa mpaka munthu kumadzionera nkhope, n'kuwayanika pathandala poti aliyense aone. Ku Mchengautuwako mkazi ankamuyeza ndi mapoto ake, ndipo apa pokha ndinkamulemekeza mayiyo chamumtima.

Maganizo anga sanasinthe. Sitovu ndinkaikonda, koma sitovu siyankha munthu akaiyankhula.

Nthawi yanga itakwana ndinachira mwana wamkazi, koma zinavuta pang'ono moti kuchipatala anandisunga masiku asanu. Mayi anga sanathe kubwera chifukwa miyendo inali itawatupa. Masiku asanu amenewo a Stanford anatsala okha ndi sitovu yanga. Zimene anachita ndinadzazimva kwa amayi apafupi nditabwerako: ankasonkhezera zidutswa za paini zosauma, zodzaza ndi utomoni, chitseko cha moto chili chotsegula kuti aziwotha, ndipo nyemba zinasefukira kawiri n'kupsera pomwepo. Tsiku lotuluka ndinalibe mphamvu yoyendera nyumba. Ndinangolowa kuchipinda n'kugona.

M'mawa mwake, a Stanford atapita kuntchito, ndinamva "Odi" pakhomo. Ndisanayankhe, NyaLuhanga anali atalowa kale, pambuyo pake amayi ena awiri, wina atasenza ndowa ya madzi, wina mtolo wa nkhuni.

"Mwawuka uli, mama?" anatero NyaLuhanga, akugwada pafupi ndi bedi n'kusuzumira mwana. "Amama anu sanabwere, tamva. Ndiye ife tabwera. Mwana akafika, nyumba ndi ya tonse. Imwe gonani."

Sanandipemphe chilolezo pa chilichonse. Anatenthetsa madzi pa mafuwa a kwawo, anandithowa thupi lonse, anandimwetsa phala la nsinjiro, anachapa matewera, anasesa mpaka kunsi kwa bedi. Ankacheza m'Chitumbuka n'kumaseka, nthawi zina n'kumasinthira ku Chichewa kuti nanenso ndimve. Atatuluka m'chipindamo ndinatembenukira kukhoma n'kulira mosatulutsa mawu, chifukwa zaka ziwiri zonse ndinkafuna zimenezi.

Amayi awiri aja anatsanzika dzuwa lisanafike pamutu. NyaLuhanga anatsala. Ndili m'tulo ndinkamva phokoso lochokera kukhitchini, kwee, kwee, kwee, ndipo ndinkati mumtima, mapoto anga lero aona zachilendo. Ndinagona, ndinadzuka kuyamwitsa mwana, ndinagonanso. Podzuka kachiwiri dzuwa linali litapendeka, phokoso lija likadalipobe. Mapoto ndinali nawo anayi okha, ndipo mapoto anayi satenga tsiku lonse.

Ndinadzuka n'kuyenda chogwira khoma mpaka pakhomo la khitchini.

NyaLuhanga anali atagwada pa simenti, pambali pake pali beseni la mchenga wonyowa ndi phulusa, m'manja muli chitsononkho chothetheka. Sitovu inali yoyera, inde, mwaye wonse unachoka. Koma kunyezimira kuja kunali kutatha. Paliponse panali mizeremizere, pamwamba, pachitseko cha uvuni, m'mbali. M'makona, momwe ndinagogoda ndi supuni muja, chitsulo chakuda chinali kuonekera.

Ndinapsa mtima, ndisabise. Mawu anali atafika kale pakamwa, ndipo anali mawu oti akanamveka mpaka kumpopi. Ndinkafuna kumufunsa kuti anamutuma ndani, ndiponso ngati kwawo chinthu chilichonse amachiyesa poto.

Iye anacheuka, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Mama, mwadzukiranji? Pepani, ndachedwa. Ndinaipeza yakuda bii, ndinachita manyazi. Alendo abwera kudzaona mwana, ndiye aone sitovu yanu yokongola ija ili choncho? Akanati mama uyu ndi mve, kapena akanati ife apafupi tilibe manja." Anapukuta chipumi ndi mkono. "Koma ikukana kuwala ngati kale. Ndayesa chomene. Mwina mchenga wa lero si wabwino. Mawa ndikatapa wina kudambo."

Pamene ankaloza sitovuyo ndinaona zala zake. Nsonga zake zinali zitanyuka, ndipo pa chala chapakati magazi ankatuluka n'kusakanikirana ndi phulusa. Mkazi ameneyu anasiya ana asanu ndi mmodzi kunyumba, n'kugwada pa simenti yozizira kuyambira m'mawa kuti alendo asandiseke ine, ine amene sindinamupatsepo ngakhale sikono imodzi. Anaipatsa sitovu yanga ulemu waukulu umene ankaudziwa, womwe ankapatsa mapoto ake.

Mawu aja ndinawameza. Anali owawa kumeza, koma anatsika.

"Yayera, mayi," ndinatero. "Isiyeni pomwepo, musatapenso mchenga wina. Tasambani m'manjamo mubwere kuno."

Ndinamukhazika pampando, n'kutenga mafuta a mwana n'kumupaka chala chimodzichimodzi. Ankakana, akuti mafutawo ndi a mwana, koma ine ndikagwira dzanja la munthu sinditaya. Tinakhala choncho kanthawi. Anandifunsa za kwathu, ngati n'zoona kuti tiyi amamera ngati tchire, ndipo ndinamuuza zambiri kuposa zimene anafunsa. Atamva mwana wake wamng'ono akulira kunja anadzuka.

"Mawa tibweranso, mama," anatero ali pakhomo. "Mpaka mchombo ugwe. Ukagwa, tiona ngati tisiye."

A Stanford anafika cha m'ma faifi. Ndinali nditakhala m'khitchini, mwana ali pamiyendo. Anaima pakhomo, maso ali pa sitovu. Anayendetsa chala pa mizere ija, kenako anaona beseni la mchenga limene linali likadali pakona.

"Wachita zimenezi ndani? Ndi mkazi wa pafupiyu? Ndikukaonana ndi mwamuna wake pompano."

"Khalani pansi, bambo. Mwaye umene amachotsawo anaupaka ndani? Nyemba zinapsera pamwambapo anaphika ndani?"

Anakhala pansi. Chipewa anachiika pabondo, n'kumachitembenuzatembenuza. Ndinawamvera chisoni, chifukwa ndinaona kuti chiyembekezo chawo chonse anachiika pa chitsulo chimenechi.

"Yawonongeka," anatero motsitsa mawu.

"Kunyezimira kokha n'kumene kwapita, ndipo sikubwereranso. M'makonamu dzimbiri lidzayesa kulowa, ndizidzapakamo mafuta. Uvuni ndi womwe uja, chumuni ikukoka. Masikono adzatuluka chimodzimodzi."

"Komabe mupita." Sanandiyang'ane. "Mungondiuza tsiku, ndikakugwirireni malo m'basi."

Ndinawasiya adikire pang'ono, chifukwa cha nyemba zija. Kenako ndinawauza kuti atenge pepala ndi cholembera.

"Lembani kalata kwa mayi. Muwauze kuti miyendo ikaphwa akwere basi adzaone mdzukulu wawo kuno, ndipo asaiwale juzi. Muwauzenso kuti asadandaule za ondisamala, ndili nawo."

A Stanford anakweza mutu, cholembera chili m'manja, osalemba kanthu.

"Lembani, bambo, kusanade. Ndipo mawa mulawirire kuwaza nkhuni, zouma osati paini wanu uja. Amayi aja akubweranso, ndipo m'nyumba mwanga satulukamo osamwa tiyi."