A Chikuse Avina Loweruka

1.
Loweruka ndivina.

Ndauza aliyense pano pa Mchesi. Ndauza a Jumbe okhoma mabokosi, ndauza azimayi a mandasi, ndauzanso bwana wina amene anangobwera kudzawotcheretsa geti. Ine Laston Chikuse, wowotcherera zitsulo, amene munkandinyamula pa wilibala, mwana wanga Ndaziona akukwatiwa Loweruka ndipo ine ndikalowa m'bwalo ndi miyendo yangayi. Nsapato ndagula. Suti ili kwa telala.

Ndivina!

2.
Zaka zisanu zapitazo Laston anali pamwamba pa nsanja ya thanki ya madzi ku Eriya 47, phazi linaterereka, anagwera chagada pa mulu wa njerwa, msana unalira ngati nzimbe, kuchipatala anagonako miyezi iwiri, potuluka anamupatsa tramado wa masabata atatu, masabata atatu anatha koma ululu sunathe, munthu wina anamulozera kuseri kwa msika kumene mapilitsi amagulitsidwa opanda chikalata cha dokotala, awiri patsiku anakhala anayi, anayi anakhala asanu ndi atatu, kenako analeka kuwerenga

3.
Zimene tramado anatenga:
makina owotcherera oyamba aja
njinga
wailesi ya mayi a Ndaziona
mpando wa kwaya ya abambo
maliro a mchimwene wake, omwe anachitika iye ali mtulo
dzina. Anthu ankangoti, a Kugwa aja.

4.
Ababa, inu simukumbukira, ine ndikukumbukira. Ndinakupezani kuseri kwa bafa mukugwedezeka ngati nkhuku yodulidwa mutu, thovu kukamwa. Ndinali ndi mayeso tsiku limenelo. Sindinalembe.

Ndine ndinapita kwa Mayi Nambewe, aja amakagula zovala ku Thailand. Anandipatsa kapaketi ka ufa wobiriwira. Akuti kumeneko ndi tsamba la mtengo, alimi amatafuna akatopa, dzina lake kratomu. Akuti ena amasiyira nalo mapilitsi.

Supuni imodzi, madzi otentha, ndimu.

Munalavula. Munati kuwawa ngati ndulu ya mbuzi. Tsiku lachiwiri munameza. Mwezi utatha munandifunsa kuti kodi magalasi anu owotcherera ali kuti, ine kuthamangira m'nyumba kukalira, kulira kwa chimwemwe, amayi nkumandifunsa kuti wamwalira ndani.

Zaka ziwiri tsopano. Supuni m'mawa, supuni masana.

5.
Lachiwiri masana. Wailesi ili pa mgolo m'shedi. Woulutsa akuti, lero tikambirane za ufa wobiriwira umene wafala m'misika, kratomu. Uletsedwe kapena ayi? Mlendo wathu ndi Mayi Edina Kalonjere, katswiri wa zamankhwala, mmodzi wa komiti imene ikapereke maganizo ake ku boma Lolemba likubwerali.

Laston anazimitsa makina.

Mayi Kalonjere. Amayi ake a Lonjezo. Lonjezo amene akukwatira Ndaziona Loweruka.

Asewere!

Uletsedwe, anatero mayiwo. Mwezi uno wokha ndaona anyamata atatu atabwera nawo kuchipatala, anasakaniza ufawu ndi kachasu ndi mankhwala a chifuwa. Mmodzi sanadzuke. Papaketi palibe mlingo, palibe dzina la wopanga, palibe amene akudziwa zimene zathiridwamo. Ndipo amene akuti wawamasula, wangowasinthira chingwe. Mbuzi ndi yomangidwabe.

6.
Oimba foni.

Wa ku Kawale: Aletse lero lomwe! Mwana wanga wagulitsa mbale zonse.
Wa ku Dedza: Amalume anga a nyamakazi ayambanso kugwira khasu, mukufuna abwerere pamphasa?
Wa ku Mzuzu: Kodi chimenechi ndi chamba cha mtundu wina?
Wa ku Limbe: Nanga mowa munaletsa? Fodya munaletsa?
Wa ku Ntcheu: Halo? Halo? Ndikumveka?

7.
Halo, ndine bambo wina wa ku Mchesi.

Mawuwo ndawadziwa, bambo, anatero Mayi Kalonjere. Lankhulani.

Mayi, ine ndinali maliro oyenda. Tramado anandidya zaka zitatu. Lero ndikuwotcherera, ndikupita kutchalitchi, ndikukwatitsa mwana. Mukaletsa tsambali, mukundituma kuti? Kuseri kwa msika?

Ndiye mukuti ndinu mfulu?

Mfulu weniweni!

Mfulu amatha kusiya. Siyani masiku anayi, kuyambira mawa mpaka Loweruka. Mukakwanitsa, Lolemba ndikaima pamaso pa komiti nkunena kuti ndinalakwitsa.

Woulutsa anayamba kuseka, akuti bambo a ku Mchesi, mwamva?

Ndamva. Ndasiya! Ndipo Loweruka ndivina!

Mchesi yense anali pa wailesi. A Jumbe anamenya bokosi ndi hamala. Anyamata a magaraja anaimba zitsulo, malata, mawilo, chilichonse cholira. Azimayi a mandasi nthungululu. Laston anatenga chitini cha ufa nkukachipereka kwa a Jumbe anthu onse akuona, akuti chikhomereni m'bokosi, mundipatse Lamulungu.

8.
Lachitatu.

Palibe kanthu! Ndadzuka, ndasamba, ndawotcherera mafelemu a mawindo asanu ndi limodzi. Kachimfine pang'ono. Kuyasamula. Anthu akudutsa pashedi nkumakuwa, limbani a Chikuse! Wina wandibweretsera nzimbe. Wina walemba pakhoma ndi choko: TSIKU 1.

Madzulo msana wandipatsa moni. Ndamuyankha kuti ndakuona.

9.
Lachinayi. Ndaziona ndi Lonjezo ali kwa wopanga keke, akukangana motsitsa mawu.

Amayi ako akufuna kupha bambo anga.

Amayi sanawakakamize. Avomera okha, dziko lonse likumva.

Ukuwadziwa bambo anga. Ukawauza kuti simunganyamule njanji, akathyoka nayo.

Mnyamata anamwalira uja amayi anamugwira dzanja, Nda. Anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amayi sadya bwino mpaka lero.

Ndiye alipire ndi bambo anga?

Wopanga keke anafunsa ngati maluwa akhale oyera kapena apinki.

Oyera, anatero onse awiri.

10.
thukuta
kuzizidwa dzuwa lili pamutu
m'mimba kutsegula kasanu
miyendo yokana kukhala pamodzi
mamina
misozi yopanda chisoni
msomali wamoto kuyambira m'chiuno mpaka kuchidendene

Bambo a Ndaziona, imwani basi, ndani akuoneni? Ndipita ndekha kwa a Jumbe.

Mayi, ndinalankhula pa wailesi.

Wailesi idzakunyamulani mukagwa?

Loweruka ndivina.

11.
Lachisanu anati akukatenga suti kwa telala. Telala ali kumanja kwa msika. Miyendo inakhotera kumanzere. Inkaidziwabe njira: kudutsa a makala, kudutsa ogulitsa nkhuku, kulowa kampata kamene kamanunkha mkodzo.

Munthu wa mapilitsi anali pomwe paja, pa benchi lomwe lija.

A Chikuse! Kusowa!

Pakhoma la shedi wina anali atalemba kale: TSIKU 3.

12.
Loweruka!

Galimoto zisanu ndi ziwiri, maliboni, mahutala kuyambira ku Biwi mpaka kutchalitchi. Ababa, munandigwira mkono polowa, koma kunena zoona ndine ndinkakugwirani. Dzanja lanu linali lonyowa, lozizira ngati nsomba. Pa sitepe yachitatu munaima. Ndinati tikhale pansi? Munati yenda, mwana wanga, yenda, anthu akujambula.

Abusa atafunsa kuti akupereka mkaziyu ndani, munati ndine, mawu anu ngati a munthu ali pansi pa chitsime. Ndinayang'ana kwa apongozi. Sankayang'ana ine, sankayang'ana mwana wawo. Ankayang'ana mawondo anu.

13.
Ife a ku Mchesi tinadzaza mbali yonse ya kumanzere kwa holo. Tinabwera ndi malikhweru. Tinadya mpunga ndi nkhuku, tinaponya pa perekaniperekani wa akuchimuna, wa anzake a mkwatibwi, wa a kwaya, koma maso athu anali pa mpando umodzi.

Mpandowo unali wopanda munthu.

Wathawa, anatero wina. Wakomoka, anatero wina. A Jumbe anati bokosi lija ndakhoma ndi misomali isanu ndi itatu, likadali chikhomere, ndalisiya ndi loko.

Woyendetsa mwambo anaitana kachiwiri. Bambo a mkwatibwi! Anaitana kachitatu. Mkwatibwi anayamba kudzuka pampando, atanyamula chovala chake m'manja.

Chitseko cha kumbuyo chinatseguka.

14.
Analowa pang'onopang'ono ngati munthu woyesa madzi a mtsinje, jekete ili paphewa, woimba nyimbo anakweza, phazi lamanja linagunda pansi kamodzi, kawiri, phewa linayankha, chiuno chija madokotala anati sichidzapindikanso chinapindika, tinakuwa, anaponya jekete m'mwamba osayang'ana kumene igwere, anazungulira, anatsika, anatsikabe mpaka mawondo kutsala pang'ono kugunda simenti, azimayi kuyala zitenje pansi kuti apondepo, mayi a Ndaziona kulowa akulira akuseka, mkwatibwi kuvula nsapato, mkwati kumasula tayi, a Jumbe kukwera pampando mpando nkuthyoka, malikhweru, nthungululu, fumbi lochokera sitikudziwa kuti poti pansi panali simenti, ndipo pakati pa zonsezi Laston Chikuse, a Kugwa aja, akuvina, akuvina, akuvina

15.
Tinamunyamula pamapewa. Masiku anayi! Opanda tsamba! Wina anathamangira kwa Mayi Kalonjere, akuti mayi, Lolemba mukanene, mwagonja! Mayiwo anangopukuta magalasi awo.

Tinamufunsa mwini wake, a Chikuse, tauzani anthu, mwakwanitsa bwanji?

Anatiyang'ana, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

Nditsitseni, anatero. Msana.

16.
Ine Edina Kalonjere ndinatuluka m'holo muja anthu akudya, chifukwa ndinaona mpando wa asewere uli wopanda munthu, ndipo ndagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndimadziwa kumene munthu wotere amapita. Amapita kumene kulibe maso.

Ndinawapeza kuseri kwa khitchini, atakhala pa kireti ya zakumwa. Malaya onse ali chonyowa. Nsagwada zikugundana. M'dzanja lamanzere botolo la madzi, m'dzanja lamanja mapilitsi anayi.

Sanabise.

Ndagula dzulo, anatero. Sindinamwe. Ndakhala ndikuwayang'ana kuyambira dzulo. Asewere, mwapambana. Mbuzi ndi yomangidwa. Koma mwana wanga akundidikira m'katimo, ndipo sindingathe kuimirira.

Munthu amene wakhala zaka ziwiri osamwa tramado akameza anayi nthawi imodzi akhoza kugwa nkuyamba kuphupha pomwepo. Ndimadziwa. Ndimadziwanso kuti munthu sasiyitsidwa chinthu chotere mwadzidzidzi, amachepetsa pang'onopang'ono. Ndimaphunzitsa ana asukulu zimenezi. Lachiwiri lija ndinkazidziwa. Koma woulutsa ankaseka, mafoni ankalira, nkhope ya mnyamata uja inali m'maso mwanga, ndipo ndinkafuna kupambana.

Ndipatseni, ndinatero.

Anatsegula dzanja. Ndinawaponya m'ngalande nkuthirapo madzi otsukira mbale.

M'chikwama mwanga munali paketi imodzi ya kratomu, yomata bwino, yolembedwa nambala, yoti ndikaionetse ku komiti. Ndinaing'amba ndi mano. Ndinapempha azimayi ophika kapu ya madzi otentha, ndinati asewere adwala m'mimba. Wina anapeza ndimu.

Imeneyo ndi theka la supuni, anatero akuyang'ana dzanja langa.

Theka lomwelo. Mwezi wamawa tichepetsanso. Muzibwera kwa ine Lachitatu lililonse, ndizikuyezerani ndekha, ndipo msanawo tikauonetse kwa dokotala wa mafupa. Mukakana ndikauza mkazi wanu za mapilitsi aja.

Anamwa atatsinzina. Tinakhala pamenepo, iwo pa kireti, ine pa ndowa yovundikira, ndi chipewa changa cha ukwati. Ndinkawagwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima. Patapita nthawi nsagwada zinaleka. Anatambasula mwendo umodzi, kenako winawo.

Ndiye Lolemba mukanena chiyani?

Sindikudziwa, asewere. Pepala ndinalemba kale, masamba asanu ndi anayi. Mnyamata uja ali momwemo ndipo sindimuchotsa. Koma inu mulibemo.

Mukandilembemo. Ndi kunjenjemera komwe.

Ndikaonetsa chiyani? Umboni wanga mwamwa.

Anaseka mpaka kugwira msana. M'holo anali atayamba kuitana dzina lawo. Anagwira khoma, anadzuka okha, ndinawapatsa jekete.

Lowerani khomo ili, ndinatero. Ine ndizungulira kutsogolo.