Chopondera cha Kumanzere

M'chaka cha 1977 ku Kabwe kunalibe sitolo yomwe munthu akanagulamo chitsulo cha njinga yamoto. Chikathyoka, unkapita nacho kwa Zephaniah Mwanza ku Kamushanga. Mkuluyu anagwira ntchito ya zitsulo ku njanji zaka makumi awiri, ndipo atapuma anamanga chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba yake, naikamo vaisi, mabotolo awiri a gasi ndi mulu wa zitsulo zotola. Lamlungu ankakhala pa benchi ya akulu ampingo ku Reformed. Masiku ena onse manja ake ankakhala bii mpaka m'zigongono.

Lolemba lina m'mawa kunaima njinga yamoto yofiira pakhomo pa chisakasacho. Amene anatsikapo anali mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, wovala yunifolomu ya asilikali a ndende. Anavula chipewa, nayang'ana kumsewu kawiri asanapereke moni.

"Mwauka bwanji, mudala? Ndimwe ba Mwanza?"

"Ndine amene."

"Ine ndine Weston Kapembwa, nisebenza ku Mukobeko. Nifuna zopondera za munthu wokwera kumbuyo. Koma zikhale zopinda. Akatsika nizipinda, zigone ku felemu, osaoneka."

"Zowongoka ndikhoza kukuwotchererani lero lomwe," anatero Zephaniah. "Zopinda zimafuna pini ndi sipuling'i. Ndi ntchito ya masiku."

"Iyayi, nifuna zopinda. Pachisanu m'mawa zikhale zili pa njinga."

Zephaniah anatenga choko ndi tepi, nagwada pambali pa njingayo. Ankalemba pa felemu pamene mlendoyo anawerama nagwira chitsulo ndi chala.

"Cha kumanzere muchikweze. Chipose chinzake na zala zinayi. Mwendo wake wa uku ni waufupi."

Choko chinaima. Zephaniah ankadziwa munthu mmodzi yekha wa mwendo wakumanzere waufupi ndi zala zinayi, ndipo nsapato ya munthuyo anaikhomera yekha chidendene cha mtengo. Anali Laban Zulu, mlongo wa mkazi wake Esnath. Laban anathyoka mwendowo pansi pa mgodi. Zaka ziwiri zapitazo, pambuyo pa sitalaka, anthu a boma anamutenga Laban pakhomo pake, ndipo chiyambire anali m'ndende ya ku Mukobeko komweko. Tsiku lotuluka palibe ankalidziwa.

"Wokwerayo ndani?" anafunsa Zephaniah, maso ali pa tepi.

"Ni munthu chabe."

"Bwerani naye ndimuyeze."

"Sangabwere."

Anagwirizana kuti Weston abwera Lachinayi madzulo kudzamangitsa. Atapita, Zephaniah anakhala pa chigubu nthawi yaitali osagwira kanthu.

Masana anamufotokozera Esnath ali pakhonde akusankha nyemba. Mayiyo anaika lichero pansi.

"Ndiye kuti Laban ndi amene wamutuma! Ndani wina angadziwe za mwendowo, ndi kulozera munthu kuno?"

"Boma limadziwa mwendowo, amake Susan. Limadziwanso kuti ine ndine mlamu wake." Zephaniah anatsitsa mawu ngakhale kuti pabwalo panali nkhuku zokha. "Pali ziwiri. Mwina mnyamatayu akufuna kumuthawitsa, ndipo akagwidwa pa msewu wa ku Kapiri, apolisi sadzavutika kufunsa kuti zitsulozo anasula ndani. Tauni yonse imadziwa dzanja langa. Mwinanso amutuma dala kuti aone ngati ndingavomere. Msilikali wa ndende wabwino angafunirenji zinthu zobisika?"

"Nanga mwavomereranji?"

"Ndikanakana akanadziwa kuti ndazindikira."

"Munthuyo nkhope yake munaiona bwanji?"

"Nkhope ndiye samaisankha yoipa akamatuma munthu."

Komabe ntchito anaiyamba. Anadula paipi ya madzi zidutswa ziwiri zotalika ngati chikhatho ndi theka. Pa chitsulo cha bedi lakale anadulapo timizere, natitenthetsa mpaka tifiire, natipinda mu vaisi kuti tikhale ngati kamwa loti paipi ilowemo. Anaboola mabowo ndi dirilo ya pamanja, ndipo mapini anawasema ndi tupa kuchokera ku mavavu a injini ya lole yakufa. Chomwe chinamudyera nthawi chinali choti chopondera chikapindidwa chisamagwe chokha pa mabampu. Anayesa waya, waya anatha mphamvu. Lachiwiri madzulo anakumbukira timipira tachitsulo ta mu habu, pakati pa gudumu la njinga yopalasa. Anaika kamodzi m'kati mwa paipi, pamwamba pa kasipuling'i, kuti kazigwera m'kadzenje. Atapinda, chinalira kuti tswa, n'kukhala nji. Pofuna kuti asawotche felemu ya mwini wake, anapanga zogwirira za mabawuti awiriawiri, zoti munthu akhoza kuzikweza kapena kuzitsitsa. Kunja kwa mapaipi anavekako mpira wa hozi yothirira madzi.

Anazipinda ndi kuzitambasula kangapo, ndipo anadzipeza akumwetulira. Kenako anakumbukira mwini ntchitoyo, kumwetulirako n'kutha. Pamene galimoto iliyonse inkachepetsa liwiro kumsewu, ankazimitsa moto n'kumvetsera. Anayamba kukayikira ngakhale mayi wogulitsa makala amene anaima pa mpanda nthawi yaitali akumanga chitenje.

Lachitatu cha m'ma teni kunabwera Adamson Lungu, tcheyamani wa chipani m'sekishoni yawo. Ankayenda nyumba ndi nyumba kuona makadi a chipani, kabuku kali m'thumba la shati. Khadi la Zephaniah analiyang'ana mwachidule, koma sanachoke. Anatola chopondera chimodzi pa tebulo, nachipinda, nachitambasula.

"Ntchito yabwino iyi, a Mwanza. Ya ndani?"

"Ya kasitomala."

"Ndamva kuti Lolemba munali ndi mlendo wa yunifolomu."

Ndi izi, anaganiza Zephaniah. Woyamba wabweretsa nyambo, wachiwiri wabwera kudzaona ngati ndibisa. Anaganiza za Esnath, za Susan amene anali atangoyamba kosi ya unamwino, za nyumba ya khonsolo yomwe munthu akanatha kulandidwa ndi kalata imodzi. Anapukuta manja pa ovolosi, nayamba kulankhula. Anatchula dzina la Weston, mtundu wa njinga, tsiku la Lachisanu. Za zala zinayi ananenanso, ndipo anawonjeza yekha kuti mlamu wake ali ndi mwendo wotero.

Pamene ankamaliza m'pamene anaona nkhope ya Adamson. Pakamwa panali yasa, ndipo dzanja linkafufuza pensulo. Munthuyu sankadziwa kanthu. Za mlendoyo anangozimva kwa akazi pa mpopi.

"Mwachita bwino, a Mwanza," anatero Adamson akulemba mofulumira. "Izi n'zazikulu. Ndizipereka kumene ziyenera kupita."

Esnath anamva zonse ali pa zenera la kukhitchini. Chakudya cha masana anamuikira pa tebulo, iye n'kukadyera panja.

Lachinayi Weston sanabwere. Zephaniah anakulunga zoponderazo m'chiguduli, naziika pansi pa mulu wa zitsulo, kenako anazitulutsa poopa kuti apolisi akazipeza zobisidwa zikhala umboni woipa koposa. Anazisiya poyera pa tebulo. Tsiku lonse ankadikira galimoto ya apolisi. Siinabwere.

Lachisanu dzuwa litapendeka, Esnath anakuwa kumaso kwa nyumba. Zephaniah anathamanga ali ndi sipanala m'manja. Pa geti panali Laban, wowonda, imvi zitamera m'ndevu, atatsamira ndodo ya nthambi yongothyola. Buluku lake linali fumbi lokhalokha, ndipo chidendene chamtengo chija chinali chitachoka. Anali atayenda wapansi kuchokera m'mawa, akupuma pansi pa mitengo.

Anamukhazika pakhonde, Esnath namuviika mapazi m'beseni la madzi ofunda uku akulira. Anthu oyandikana nawo anabwera, napereka moni chapatali, nabwerera msanga. Atatsala okha, Laban anatembenukira kwa Zephaniah.

"Alamu, kodi anafika kuno mnyamata wina, Weston?"

"Anafika."

"Ndine ndinamulozera. Ndinamuuza kuti m'Kabwe muno muli munthu mmodzi yekha amene angapange chinthu chotere." Laban anamwa madzi pang'ono. "Ndinkamuphunzitsa masamu, ankalemba mayeso a fomu faifi pa positi. Iye ndiye ankandibweretsera mafuta opaka bondoli. Sabata yatha anaona pepala langa lotuluka lili pa tebulo, losainidwa kale. Sakanauza munthu, chifukwa mapepala otere amatha kubwezedwa akamveka kunja. Anati adzandidikira kuseri kwa msika andibweretse kuno. Komanso andilamula kuti Lolemba lililonse ndizikaonekera ku polisi m'tauni, ndiye anati azidzanditenga. Zopindazo n'zoti akulu ake asamafunse kuti amanyamula ndani."

"Nanga ali kuti?" anafunsa Esnath, koma maso ake anali pa mwamuna wake.

"Dzulo anamuitanitsa ku ofesi, anakhalako tsiku lonse. Wina anakanena kuti akufuna kundithawitsa. Anapeza kuti n'zabodza, poti pepala linalipo kale, koma kugwirizana ndi mkaidi n'koletsedwa. Akumusamutsira ku Mbala. Mayeso ali mwezi wamawa, sindikudziwa ngati adzalemba." Laban anapukusa mutu. "M'ndende muja makoma amamva. Ndikuganiza kuti ndi mnzake wina wa nsanje."

Zephaniah ananyamuka napita kuchisakasa. Patapita nthawi Esnath anamutsatira, naima pakhomo.

"Ine sindimuuza," anatero. "Mudzamuuza nokha. Koma muyambe ndi uyo wa ku Mukobeko asanakwere lole."

Loweruka m'mawa Zephaniah anamanga chigudulicho ndi masipanala pa keriyala ya njinga yake yopalasa. Nyumba za asilikali a ndende zinali m'mizere, zonse zofanana, ndipo anthu awiri amene anawafunsa njira anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi asanamulozere. Pakhomo pa Weston panali matiresi opindidwa, mbaula ndi mabokosi omangidwa ndi zingwe. Mkazi wake, Nelly, ankakulunga makapu m'manyuzipepala. Weston anali wopanda yunifolomu, akutsitsa waya woyanikapo zovala.

"Ndabweretsa katundu wanu," anatero Zephaniah. "Komanso ndabwera kudzanena kuti amene anakanena uja ndine. Ndinayesa mwabwera kudzanditchera."

"Nidziwa, mudala. Bananiwerengera mawu yanu onse. Na zala zinayi zinalimo." Weston anapitiriza kukulunga wayawo pa chigongono. "Ba Laban bafika?"

"Afika. Wapansi."

Nelly anaika kapu pansi mwamphamvu, nalowa m'nyumba.

"Na ine Lolemba lija n'nali na mantha," anatero Weston. "Pobwerera n'nazungulira ku Natuseko, kuti ngati mwatuma munthu asanione kumene nipita. N'nafuna kukuuzani, koma n'naona mmene munagwirira choko."

Zephaniah analoza njinga yofiira imene inali pamthunzi wa mpapaya.

"Ndimange?"

Weston anaganiza kanthawi. "Mangani. Koma zikhale zolingana. Manje azikwerapo ni mkazi wanga."

Zephaniah anagwada m'fumbi. Anafufuta chizindikiro cha choko chakumanzere chomwe chinali chikadali pa felemu, nayeza mbali zonse ndi tepi, namanga mabawuti anayiwo. Anaona kuti chakumanja sichikukhudza paipi yotulutsira utsi, nadontheza oilo pa mapini. Kenako anapinda zonse ziwiri, zinagona ku felemu moti munthu woima chapatali sakanaziona.

Weston analowa m'nyumba, natuluka ndi sipanala yakeyake. Anayesa nati iliyonse payokha, pang'onopang'ono, Zephaniah ali chiimire. Anasuzumira pa mapini, nakanda powotcherera ndi chikhadabo. Kenako anatambasula chakumanzere, naimapo ndi thupi lonse, nadumphapo katatu. Anachita chimodzimodzi kumanja. Palibe chinagwedera.

"Zili bwino," anatero. "Mukabauze ba Laban kuti buku ya masamu nizapita nayo." Sanapereke dzanja, ndipo Zephaniah sanatambasule lake.

Lolemba m'mawa Zephaniah anapinda thumba la saka naliika pa keriyala, Laban n'kukwerapo cham'mbali, mwendo waufupiwo uli lende. Anayenda mpaka podutsa njanji, pamene anaima kudikira sitima ya katundu. Mabogi akudutsa, Zephaniah ananena zonse za mmene ananenezera Weston, osacheuka, mokweza kuti amveke pa phokosolo.

Sitima inatha, msewu unatseguka. Laban anatsika.

"Tsogolani, alamu. Ndiyenda."

Zephaniah sanatsogole. Anakankha njinga pambali pake, Laban akutsimphina ndi ndodo m'mphepete mwa msewu, osamuyang'ana. Anayenda choncho mpaka pa sitolo ya mmwenye wogulitsa nsalu. Pamenepo Laban anaima, akupuma mwawefuwefu, nafunsa munthu wodutsa kuti nthawi ili bwanji. Inali itatsala pang'ono kukwana naini, ndipo ku polisi ankafunika naini yeniyeni.

"Gwirani bwino njingayo," anatero Laban, nakweranso.