Chitenje cha Nkhanga

Tsiku limene Tisungane anabadwa, mayi Anesi analumbira pamaso pa anamwino kuti mwana ameneyu sadzabereka dengu la tiyi. Iwo dengulo alibereka zaka makumi atatu pa esiteti ina kuseri kwa Luchenza. Mvula, chiperoni, dzuwa la Okutobala, zonsezo zawadutsa pamsana. Ndiye mwanayo atafika ku yunivesite n'kuyamba digiri yachiwiri, mayiwo ankayenda m'mizere ya tiyi ngati esitetiyo anawasiyira ndi malume awo.

Loweruka lina Tisungane anatulukira ndi foni yatsopano.

"Amayi, ndikuchita kafukufuku. M'fonimu ndaikamo luntha lochita kupanga. Ndikufuna liphunzire kusiyanitsa tsamba la tiyi labwino ndi lodwala, kuti alimi a ku Khwethemule azingojambula tsamba, foni n'kuwauza."

"Liphunzira bwanji? Lili ndi makutu?"

"Timalionetsa zithunzi zambirimbiri, n'kumaliuza kuti ili ndi labwino, ili ndi lodwala. Kenako limayamba kuzindikira lokha, ngati mwana."

"Ngati mwana? Hoo! Ndiye mdzukulu ndakhala ndikudikira uja ndi ameneyu?"

Kuyambira pamenepo chinthucho dzina lake linali Mdzukulu, ndipo panalibe wosintha.

Zithunzizo zinkafunika zikwi zinayi. Tisungane anawaonetsa mayi ake podina, nabwerera kusukulu tsiku lomwelo. M'munda sanapondemo. Anati ku labu kuli zochita zambiri, komanso, tinene zoona, nsapato zake sizinali za mame.

Mayi Anesi ntchitoyo anaigwira monga amagwirira ntchito iliyonse, mwadongosolo la wotchola tiyi. Tsamba labwino malo ake ndi m'dengu, sungalitchole n'kumayenda nalo ngati duwa. Choncho ankalijambula lili pamtengo pomwepo, kenako n'kulitchola, n'kuliponya m'dengu kumsana. Tsamba lodwala, lija la madontho akuda kapena lofiirira, m'dengu sililowa, kuopa pakamwa pa kapitawo. Amenewa ankawasunga m'thumba. Nthawi yopuma ikakwana ankakhala pansi, kutambasula miyendo, n'kuwayala pachitenje chawo chantchito, chija chabuluu cha zithunzi za nkhanga, n'kumajambula limodzilimodzi mosafulumira.

Vuto linali netiweki. Pa esiteti yonseyo inkagwira pachulu chimodzi chokha, pafupi ndi sikelo. Madzulo aliwonse mukanawaona mayi a msinkhu wawo ali pamwamba pa chulu, foni m'mwamba, akudikira kuti zithunzi zipite. Anzawo otchola nawo ankafa ndi phwete.

"Anesi, mwayamba kulalikira?"

"Ndikudyetsa mdzukulu. Inu anu aja amadya chiyani, si mbatata basi?"

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, Tisungane anaimba foni. Ku yunivesite kunali chionetsero cha kafukufuku wa za netiweki ndi luntha lochita kupanga, ndipo tsiku lomwelo aphunzitsi oyesa adzagamula ngati iye wakhoza kapena walephera.

"Mudzabwere, amayi. Koma mudzatchene. Chitenje chanu cha nkhanga chija chidzatsale. Ndipo mukadzafika mudzangokhala phee kumbuyo."

Mawu amenewa anawalasa, sitingabise. Koma anameza malovu, nati mwana wa sukulu amadziwa za kusukulu. Anabwereka diresi kwa mlamu wawo, nagula duku latsopano ku Luchenza. Chitenje cha nkhanga sanavale, inde. Anangokulungiramo bakuli la kalongonda ndi mapeyala anayi, poti mwana sungapite kukamuona chimanjamanja.

Tsikulo holo ya ku yunivesite inali yodzaza. Wina anaonetsa timabokosi totumizirana uthenga wa mvula kuchokera phiri lina kufika phiri lina. Wina anaonetsa mizere yokwera ndi yotsika kwa theka la ola. Mayi Anesi sanatolepo kanthu, koma ankaomba m'manja kuposa aliyense, poti onsewo ndi ana a eni.

Kenako anaitana Tisungane. Abale, mwana anayankhula Chingerezi ameneyo! Mayi ake anagwira pachifuwa. Patebulo panali nsalu yoyera, foni itaimikidwa pakamtengo, ndipo zonse zimene foniyo inkaona zinkaoneka pachinsalu chachikulu kukhoma. Mkulu wa oyesa anali a Pulofesa Maulidi, bambo wamfupi wadazi, wosaseka wamba. Iwowa anabwera ndi masamba awoawo mu envulopu.

Anaika tsamba loyamba, lobiriwira bwino.

"Labwino," inatero foni. Mawu ake anali a Tisungane yemweyo, anachita kuwajambulira m'menemo.

Anthu anaomba m'manja. A Pulofesa anaika lachiwiri. Mayi Anesi, ali kumbuyo kwenikweni, analiona kuti ili ndiye lapita, madontho okhaokha.

"Labwino."

Anaika lachitatu, lodyedwa mbali yonse.

"Labwino."

Anaika louma, loti ngakhale mbuzi ingalinunkhize n'kulisiya.

"Labwino," anatero Mdzukulu, mosangalala ndithu.

Tisungane anadina apa, nadina apo. Thukuta linali kamukamu. A Pulofesa anatsegula cholembera, ndipo mayi Anesi anaona digiri ya mwana wawo ikutuluka pazenera. Mantha anawagwira, mantha enieni. Koma iwo analera ana, awo ndi a eni omwe, ndipo matenda a Mdzukuluwa anawadziwa msanga. Mwana akakhala pachilendo amasokonezeka. Umangomupatsa nsalu ya kwawo, mtima n'kukhala pansi.

Za kukhala phee zija anaziiwala. Ananyamuka ndi phukusi lawo, tsetsetse mpaka kutsogolo, akuwerama pang'ono mwaulemu.

"Pepani mabwana, ndadutsa pamaso. Mwanayu sanazolowere pagulu."

Anamasula mfundo. Bakuli la kalongonda analiika pa mapepala a Pulofesa. Peyala limodzi linagubuduka n'kukaima paphazi pa mlendo wolemekezeka. Anakung'untha chitenje cha nkhanga, nachiyala patebulo, naikapo tsamba la madontho lija.

"Lodwala," inatero foni.

"Mwamva? Ndimanena ine!" Nthungululu inawapulumuka yokha. Anthu anaomba m'manja, ena mpaka kuimirira. Tisungane yekha ndi amene sanaombe. Nkhope yake inali ngati waona njoka m'dengu.

A Pulofesa Maulidi anayang'ana chitenjecho nthawi yaitali. Kenako anachotsa tsamba lodwala, naikapo labwino lija loyamba.

"Lodwala."

Anachotsa tsambalo, naikapo makiyi a galimoto yawo.

"Lodwala."

Anaikapo dzanja lawo.

"Lodwala."

Analitembenuza dzanjalo n'kuliyang'anitsitsa, mwina pofuna kutsimikiza. Apa ndiye holo yonse inaphulika. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, wojambula kanema mpaka kamera kugwedera. Mayi Anesi anasekako pang'ono poperekeza anzawo, koma mumtima munayamba kuzizira.

"Makinawa sanaphunzire masamba," anatero a Pulofesa phokoso litatsika. Anayankhula m'Chichewa kuti aliyense amve. "Aphunzira nkhanga. Akaona nkhanga akuti matenda, akapanda kuona nkhanga akuti zili bwino. Zikuoneka kuti masamba onse odwala anajambulidwa pansalu iyi. Mu lipoti mwalemba kuti zithunzi anajambula ndi wothandiza kumunda. Wothandizayo ndi ndani?"

Tisungane anacheukira kwa mayi ake.

Apa m'pamene mayi Anesi anamvetsa zimene anachita. Miyezi isanu ndi iwiri ya pachulu ija, ankaphunzitsa Mdzukulu bodza, ndipo lero abwera okha kudzaliulula pagulu. Anayang'ana mwana wawo, nsapato zake zosongoka, anzake ovala masuti. Anaganiza msanga. Ngati pali wolakwa, akhale munthu wamba wa kumunda, woti akachoka pano palibe adzamukumbuke.

Anagwada.

"Ndine, bwana. Ndine wotchola tiyi chabe, sukulu ndinalekezera sitandade fili. Achemwaliwa anangondipeza panjira n'kundipatsa ganyu. Anandiuza bwinobwino, koma mutu wangawu ndi wouma. Iwowa musawalepheretse. Chilango chikhale changa."

"Akunama."

Anali Tisungane, ndipo maikolofoni inali ikadali pakamwa pake, moti mawuwo anamveka mpaka panja.

"Akunama, a Pulofesa. Awa ndi amayi anga ondibereka. Atchola tiyi zaka makumi atatu kuti ine ndiime pano. Sanalakwitse kanthu. Ine ndi amene sindinapiteko kumunda ngakhale tsiku limodzi kukaona mmene akujambulira. Amayi, dzukani, chonde. Dzukani."

Anawadzutsa yekha, akulira. Mayi Anesi anafuna kumukalipira kuti waononga bodza labwinobwino, koma anangomupukuta misozi.

A Pulofesa anakanda dazi lawo. Kenako anakhuthula envulopu yonse patebulo, masamba ngati makumi anayi.

"Mayi, tatisiyanitsireni awa."

Zimenezo ndiye zinali zofunsa? Manja anayamba okha, uku abwino, uku odwala, maso ali kwa a Pulofesa. Bambowo asanabwezere n'komwe chivindikiro pa cholembera, milu iwiri inali itakhala. Tsamba limodzi linatsala m'manja.

"Ili si la tiyi, bwana. Ndi la mandimu. Musatiyese ana."

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, a Pulofesa Maulidi anaseka, mano onse panja.

Oyesa anakambirana kwa mphindi zingapo. Chigamulo chinali chakuti Tisungane sanakhoze, komanso sanalephere. Anamupatsa miyezi itatu kuti ajambule zithunzi zonse mwatsopano, abwino ndi odwala mofanana, ali pamtengo. Ndipo ajambule yekha, m'munda, motsogozedwa ndi mphunzitsi amene wangosiyanitsa masamba uja. Kalongonda a Pulofesa anapempha kuti alaweko, ndipo bakuli linabwerera lopanda kanthu.

Lolemba m'mawa, nkhungu isanachoke m'mapiri, awiriwo anali m'mizere. Tisungane anavala majombo obwereka, foni ili lende pakhosi. Mayi Anesi anavala chitenje chawo cha nkhanga, ndipo panalibe amene anatchulapo kanthu. Atawerama kuti anyamule dengu, anapeza mwana walitenga kale, akulowetsa mikono m'zingwe.

"Iwe, tula! Tula msanga!"

"Inu muzindilozera masamba, amayi. Simungaloze bwino muli ndi katundu kumsana."

"Ndinalumbira ine, Tisu. Pamaso pa anamwino. Ukufuna anthu azinena kuti Anesi anaphunzitsa mwana mpaka ku yunivesite kuti adzabereke dengu?"

"Miyezi itatu yokha. Anene."

Anakangana mpaka kumapeto kwa mzere woyamba, mayi akutchola n'kumaponya m'dengu lili pamsana pa mwana, mkamwa mukutuluka Chilomwe chokhachokha chokalipa. Dzuwa lisanafike pamutu, Tisungane anali atayamba kuyenda ngati nkhalamba. Anaima kuti awongole msana, foni ija inazungulira pachifuwa pake n'kuloza mayi ake.

"Lodwala," anatero Mdzukulu.

Mayi Anesi anasiya kutchola. Anayang'ana foniyo, nagwira m'chiuno.

"Mwamumva mdzukulu wanga? Zaka zonsezi ndikapita kukiliniki ndi msana uwu amangondipatsa timapilitsi tiwiri, ati mulibe vuto mayi, bwererani kuntchito. Ameneyu yekha ndi amene waona. Ndiye a Pulofesa aja azinena kuti sadziwa kanthu!"

Tisungane anaseka, naseka, mpaka zingwe za dengu zinamudya m'mapewa. Pamenepo kuseka kunatha. Anawayang'ana mayi ake mmene anaimira, chopendekera kutsogolo pang'ono ngakhale kumsana kunalibe kanthu. Anali asanazionepo zimenezo.

"Bweretsa kuno, watopa," anatero mayi Anesi, atatambasula dzanja.

Tisungane anakoka zingwe zija, nalikweza bwino dengulo.

"Lozani tsamba lina, amayi."