Mwamuna wa Parul

Asilikali achizungu akachoka kunkhondo yolimbana ndi Ajapani ku Burma kudzapuma ku Calcutta, ankadzaza msewu wa kudoko la Khidirpur ngati ngumbi. Ankafuna mowa, akazi ndi mphini. Shefali ankagulitsa chachitatucho. Ankakhala pakhonde la sitolo ya mpunga ndi masingano ake ndi kabotolo ka inki, n'kumatema anangula ndi njoka pamikono yopsa ndi dzuwa.

Tsiku lina anazindikira msilikali wina akadali patali, atakhala neng'a pa rikisho, kangolo konyamula anthu kamene ankakoka mkulu Nitai. Khutu lobenthuka lija. Corrigan.

Pa tchuthi chake chapitacho, Corrigan analowerera chikondwerero cha mulungu wamkazi Durga ataledzera. Anatapa ufa wofiira wa sinduru m'mbale ya wansembe n'kupaka Parul, mng'ono wake wa Shefali, pamzere wa tsitsi, anthu onse akuona. Iye ankangoseka, ankayesa penti wamasewera. Koma ufa wofiirawo mwamuna amapaka mkazi wake yekha. Banja limene linkafunsira Parul linabweza mawu m'mawa mwake. Kuyambira pamenepo Parul sanatulukenso m'nyumba. Sanali mbeta, sanali mkazi wa munthu. Pampopi amayi ankamutchula "mkute wa mzungu."

"Achemwali, ndakubweretserani nyama," anatero Nitai akupukuta thukuta. "Akuti mumulembe 'kambuku' m'zilembo zathu, akaonetse chibwenzi chake kwawo."

"Kambuku? Ameneyu?" Shefali anasankha singano yonenepa. "Muuzeni kambuku sitilemba pamkono. Timalemba kunja kwa dzanja, pamene malaya safika."

Nitai anayang'ana khutu lija, kenako Shefali. "Achemwali, mundiphetsa."

"Mwakoka anthu olemera kuposa bodza limeneli, bambo. Masulirani."

Corrigan anatambasula dzanja akumwetulira. Nkhope ya Shefali sinamukumbutse kanthu. Shefali anabaya mwakuya, mosafulumira, mpaka msilikali anakukuta mano.

"Akuti zikuwawa," anatero Nitai.

"Muuzeni ukwati umawawa."

Zimene Nitai anamasulira anazidziwa yekha.

Atamaliza, Corrigan anaimirira pakati pa msewu, anakweza dzanja n'kubangula ngati chilombo. Haren, mwini sitolo, anavala magalasi n'kuwerenga mokweza: "Mwamuna wa Parul."

Kenako wonyamula matumba wina anafuula: "Alamu! Alamu athu abwera!"

"Alamu, mwatisungira chiyani ku Burma?"

"Alamu, apongozi mwakawaona?"

Corrigan anawachitira sawatcha, akuyesa akumutamanda. Wogulitsa maluwa anamuveka nkhata m'khosi. Nitai anamukweza pa rikisho n'kumuzungulitsa msika wonse, pang'onopang'ono, dzanja lili m'mwamba, ndipo anadutsira dala pampopi.

Shefali atafika kunyumba anapeza Parul akusankha mphodza kuseri kwa chitseko.

"Mawa ukatunge madzi wekha," anatero. "Upake sinduru wambiri, wooneka patali. Mwamuna wako wavomera pamaso pa msika wonse."

Parul anasiya mphodza. "Nanga akadzadziwa, achemwali?"

"Akadzadziwa adule dzanjalo. Akapanda kudula, dzina lako lilowa naye m'manda."

Shefali anatsegula bokosi lachitsulo n'kutulutsa nsalu ya sari yoyera, ya akazi amasiye, yatsopano. Anaikung'untha, anaipindanso bwinobwino, n'kuiika pamwamba pa zovala zonse.

"Loweruka mwamuna wako akubwerera kunkhondo," anatero. "Ajapani asatichedwetse."